Kukwera Mulanje mpaka pa Sapitwa: njira zake, nyengo yake ndi mkungudza wake

Ofesi ya zankhalango ya Likhubula ili m'munsi mwa phiri, pamalo osafika mamita 1,000 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002. Chikweza cha pakati pa malo awiriwa n'choposa mamita 2,000, ndipo munthu wamba wathanzi amachikwanitsa bwinobwino akachigawa m'masiku atatu kapena anayi. Ambiri amene amavutika m'phirimu ndi aja opanikiza ulendowu kuti ukwane m'masiku awiri, onyamuka dzuwa litakwera kale, ndi oyesa kuzizira kwa kumwamba potengera mmene kukufundira pa Chitakale. Pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Onjezanipo mphepo ndi zovala zonyowa, mudziwa chifukwa chake anthu ena anatsikamo atanyamulidwa.

Phiri lotetezedwa kuyambira 1927

Mulanje ndi mwala umodzi waukulu umene unauma pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo. Dothi ndi miyala yofewa yozungulira zinakokoloka, mwala wolimbawo n'kutsala uli njo pakati pa zigwa za Mulanje ndi Phalombe, kukula kwake kuposa masikweya kilomita 600. Pamwamba pake si posongoka ngati mmene limaonekera muli pamsewu. Pali zidikha za udzu pa mamita 1,800 mpaka 2,200, monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Sombani, ndipo nsonga zimatumphuka pakati pa zidikhazo. Mitsinje ya Ruo, Likhubula, Lichenya, Thuchila, Muloza, Phalombe ndi Sombani imayambira momwemu. Minda ya tiyi, midzi yozungulira, magetsi a ku Bondo opangidwa pa Lichenya, ngakhalenso ena mwa madzi a m'mipopi ya ku Blantyre otengedwa pa Likhubula, zonsezi zikudalira mvula yogwa pazidikha zimenezi.

Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe akhala akulitenga phirili ngati mudzi wa mizimu ya makolo, ndipo nsembe zinkathiridwa m'malo ngati Dziwe la Nkhalamba. Atsamunda anafika ndi zawo. Mu 1893 anamanga linga la Fort Lister pampata wa pakati pa Mulanje ndi Mchese kuti atseke njira ya ogulitsa akapolo yopita ku Quelimane, ndipo m'zaka zomwezo anayamba kucheka mkungudza. Mu 1927 phirili linalengezedwa kukhala nkhalango yotetezedwa ndi boma. Mu 2000 bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la malo osungirako zachilengedwe, ndipo mu Julaye 2025 linaliika pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi chifukwa cha miyambo ndi zikhulupiriro za anthu ake. Ndi malo achitatu a ku Malawi kulowa pamndandandawu, kutsatira paki ya Nyanja ya Malawi ndi zojambula za m'mapanga a Chongoni. Kwa wokwera phiri tanthauzo lake n'losavuta: mukulowa m'malo a boma omwe ali ndi malamulo, komanso m'malo amene eni dera amawapatsa ulemu. Wolondolera wanu akanena kuti pano tisakuwe kapena pano tisasambe, mverani, kaya mumakhulupirira za mizimu kaya ayi.

Mwezi wopitira

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti njira zimakhala zouma, mitsinje yaphwa koma madzi akumwa alipo paliponse. Vuto la miyezi imeneyi ndi chiperoni, nkhungu ija ya mvula yowaza imene imabwera ndi mphepo yochokera ku Mozambique n'kukhazikika masiku awiri, atatu kapena kuposa. Usiku wa Juni ndi Julaye madzi amatha kuundana ndi kuzizira pazidikha. Seputembala ndi Okutobala matanthwe amakhala ouma, nsapato zimagwira bwino, koma chikweza choyamba chimatentha, utsi wa lupsa umabisa malo okongola, ndipo ndiyo nyengo ya moto wolusa. Epulo ndi wokoma ndi maluwa ndi mathithi odzaza, kungoti matanthwe ena amakhala akuchuchabe madzi.

Kuyambira Disembala mpaka Malichi, amene sanazolowere phiri asiye kaye za Sapitwa. Thanthwe lonyowa limaterera, mphezi zimagunda pamwamba masana, ndipo kamtsinje kodumphika m'mawa kamakhala kosaoloka pofika madzulo. Anthu a ku Phalombe sanaiwale napolo wa Malichi 1991, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula mbali zingapo za phirili n'kusintha madooko ndi tinjira tina. Chifukwa cha ichi mapu akale ndi nkhani za mnzanu amene anakwera zaka 10 zapitazo sizikwanira. Funsani amene wadutsa njirayo mwezi womwewo.

Zokonza pa Likhubula

Kuchokera ku Limbe kwerani minibasi ya ku Mulanje, kaya yodzera Thyolo kaya ya msewu wa Midima. Tsikani pa Chitakale, gulani zotsala pamsika, n'kutenga galimoto kapena njinga yamoto ya msewu wa ku Phalombe mpaka pa Likhubula, mtunda wa makilomita pafupifupi 10. Fikani dzulo lake n'kugona pomwepo. Pali nyumba ya alendo ya mpingo wa CCAP ndi malo ena ogona. Amene amachoka ku Blantyre m'mawa wa tsiku lokwera amayamba chikweza cha m'ma 11 koloko, dzuwa lili paliwombo, n'kukafika ku Chambe kutada.

Ku ofesi mulembetsa mayina, njira imene mutsate ndi tsiku lotsika, mulipira ndalama yolowera ndi ya nyumba zogona, ndipo mulandire lisiti. Kulembetsaku musakuone ngati kutaya nthawi: mukapanda kutsika pa tsiku lake, ofufuza amayambira pa zimene munalemba. Olondolera njira ndi onyamula katundu ali ndi bungwe lawo ndipo amagwira ntchito mosinthana. Tengani wa ku ofesi, amene dzina lake lalembedwa m'buku, osati aliyense wokuthamangirani potsika minibasi. Musananyamuke mugwirizane zinthu zinayi: malipiro a tsiku, chiwerengero cha masiku kuphatikizapo tsiku lobwerera, amene akugula chakudya cha achimwene akukuthandizaniwo, ndi chochita ngati nyengo yaipa n'kukutsekerani m'nyumba tsiku lathunthu. Mikangano yambiri ya m'phiri imachokera pa mfundo yomalizayi. Katundu wa wonyamula mmodzi asapitirire makilogalamu 18. Akapitirira, tengani wachiwiri. Onetsetsaninso kuti ali ndi chofunda ndi juzi, chifukwa kuzizira kwa ku Chisepo sikusankha wolipira ndi wolipidwa.

M'phirimu muli nyumba zogona pafupifupi 10: Chambe ndi France's Cottage pafupi pake, Lichenya, nyumba ya CCAP pachidikha cha Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Minunu, Madzeka ndi Sombani. Iliyonse ili ndi mlonda, malo osonkhapo moto, chimbudzi chokumba ndi madzi a mumtsinje pafupi. Magetsi mulibe, sitolo mulibe. Ziwiya ndi zofunda za bungwe la Mountain Club of Malawi zimakhala m'chipinda chokhoma cha mamembala, choncho nyamulani mapoto anu awiri, mthiko, mbale, makapu ndi machesi okulungidwa m'pepala la pulasitiki.

Chikwama ndi kamba

Nsapato ndizo zoyamba. Zikhale za mphira wofewa wokhala ndi mano kunsi, ndipo zikhale zoti mwayendapo kale. Nsapato yatsopano imatulutsa matuza tsiku loyamba lomwe, ndipo ya pulasitiki wolimba imatsetsereka pathanthwe. Tengani masokosi mapeyala 3, limodzi likhale logonera basi. Pamwamba muvale zovala zingapo zopyapyala m'malo mwa chijasi chimodzi cholemera: malaya ouma msanga, juzi, ndi jekete yosalowa madzi ndi mphepo. Jinzi isiyeni kunyumba, ikanyowa siuma ndipo imakoka kutentha kwa thupi. Onjezani chipewa cha ubweya, magolovesi, thumba logonamo kapena mabulangete awiri, kamphasa kopyapyala, tochi ya pamutu ndi mabatire apadera, wezulo, bandeji yomanga pobinya, pulasitala, mankhwala ochepetsa ululu ndi mapaketi a Thanzi. Zonse zoyenera kukhala zouma zilowe m'jumbo lalikulu lisanalowe m'chikwama. Netiweki ya foni imapezeka m'mphepete mwa zidikha moyang'ana kuchigwa, koma m'makwawa imasowa, ndipo batire limatha msanga kukazizira. Zimitsani foni poyenda.

Pa chakudya werengerani munthu mmodzi pa tsiku: ufa kapena mpunga theka la kilogalamu, ndiwo zopsa msanga monga usipa, matemba, nyama ya soya kapena mazira owiritsa, ndi zotafuna panjira monga mtedza wokazinga, nthochi, mbatata yootcha ndi buledi wopaka chiponde. Nyemba zouma musatenge. Pamwamba madzi amawira asanatenthe kwenikweni, nyemba zimachedwa kupsa ndipo zimatha nkhuni za anthu a mawa. Ngati mukuzifuna, phikirani kunyumba za tsiku loyamba. Musaiwale mchere, shuga, masamba a tiyi ndi mafuta pang'ono. Ikani padera chakudya cha tsiku limodzi lowonjezera chimene simuchikhudza pokhapokha chiperoni chitakutsekerani. Botolo la malita 1.5 limakwana m'njira zambiri popeza timitsinje n'tambiri. Tungani kumtunda kwa nyumba, osati kumunsi kwake, ndipo m'munsi mwa phiri, kumene anthu amachapa ndi kusamba, wiritsani kapena thirani mankhwala.

Tsiku loyamba: Likhubula mpaka Chambe

Njira zilipo ziwiri. Ya Skyline imakwera molunjika pamsana wa chitunda, pafupi ndi pamene pankadutsa waya wotsitsira matabwa. Ndi yaifupi, maola 3 kapena 4, koma ilibe mthunzi wokwanira ndipo madzi ndi osowa mpaka mutayandikira pamwamba. Ya Chapaluka imatsata chigwa, kudzera kufupi ndi Dziwe la Nkhalamba, ili ndi mthunzi ndi maiwe, ndipo imatenga ola lina lowonjezera. Mu Seputembala ndi Okutobala kwerani ndi Chapaluka. Mvula ikagwa usiku sankhani Skyline, chifukwa Chapaluka imaoloka mtsinje ndipo ili ndi matanthwe oterera. Pa dziwe lenilenilo samalani: ndi lakuya, madzi ake ndi ozizira kwambiri moti miyendo imatha kukokana, ndipo anthu amirapo. Amene sadziwa kusambira akhale m'mbali.

Nyamukani 6 koloko m'mawa. Ola loyamba muyende pang'onopang'ono, pa liwiro loti mutha kucheza osapuma wefuwefu. Pumani mphindi 5 kapena 10 pa ola lililonse, mudye kanthu musanamve njala. M'munsimu mudutsa m'nkhalango ya mombo ndi masuku, ndipo mukumana ndi amayi atasenza mitolo ya nkhuni ndi anyamata atasenza matabwa. Apatukireni msanga, katundu wawo ndi wolemera ndipo sangaime pamtsetse. Mukatulukira pachidikha, nsonga ya Chambe, ya mamita oposa 2,500, iima kumanzere kwanu. Khoma lake la kumadzulo ndi lotalika mamita pafupifupi 1,700, ndipo limadziwika kwa akatswiri okwera ndi zingwe. Njira ya anthu wamba yokwerera nsongayi ili ndi malo oti phompho lili mbali zonse ziwiri, choncho si yoyeserapo tsiku loyamba miyendo itatopa.

Mkungudza ndi moto

Chidikha cha Chambe ndi malo abwino oti mumvetse chimene chinachitikira mkungudza wa Mulanje, mtengo umene asayansi amautcha Widdringtonia whytei potengera dzina la Alexander Whyte amene anatola zitsanzo zake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890. Mwachilengedwe umamera m'phiri lino lokha padziko lonse, pakati pa mamita pafupifupi 1,800 ndi 2,500, ndipo umatha kutalika mamita 40. Thabwa lake lili ndi mafuta onunkhira, chiswe sichilidya ndipo siliola msanga, n'chifukwa chake linkafunidwa pa madenga, zitseko, mabwato a kunyanja ndi ziboliboli. Mu 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi. Mu 2017 ofufuza atayenda phiri lonse anapeza mitengo ikuluikulu yamoyo 7 yokha.

Zinthu zingapo zinaupha mothandizana. Lamulo linkalola kucheka mitengo youma yokha, ndiye ocheka ena ankasenda khungwa kapena kusonkha moto patsinde pa mtengo wamoyo kuti chaka chamawa udzawerengedwe wouma. Pakati pa zaka za m'ma 1980 kunabwera nsabwe zoyamwa mitengo ya mtundu umenewu zimene zinafooketsa yambiri. Paini wa ku Mexico amene anabzalidwa m'zidikha ngati Chambe anafalikira yekha n'kulanda malo, limodzi ndi kamtengo kaminga kobala zipatso zachikasu kochokera ku Himalaya. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, limene likugwira ntchito ndi nthambi ya zankhalango kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, lakhala likudula painiyo ndi kuzula mphukira zake, ntchito yofuna kubwereza chaka ndi chaka chifukwa njere zimakhala m'dothi.

Koma mdani wamkulu wa mbande ndi moto, ndipo apa m'pamene wokwera phiri akukhudzidwa. M'phirimu muli mitundu iwiri ya mkungudza yofanana. Wina ndi wachitsamba, wa matsinde ambiri, umene ukapsa umaphukiranso pachitsa. Mkungudza weniweni wa thabwa uli ndi tsinde limodzi ndipo ukapsa uli waung'ono wafa basi, suphukira. Umamera kuchokera ku njere zokha, m'mphepete mwa nkhalango momwe muli kuwala, ndipo malo amenewo ndi omwenso moto wa m'udzu umafikira. Mbande imafuna zaka zambiri zopanda moto kuti khungwa lake likhuthale. Kuyambira 2016, midzi yozungulira phiri mothandizidwa ndi bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust lija, ofufuza za nkhalango a ku Zomba ndi bungwe la Botanic Gardens Conservation International yakhala ikufesa njere m'manazale, kulera mbande m'machubu, n'kuzisenza pamutu kukabzala pamwamba nthawi ya dzinja. Mbande zobzalidwa zinakwana mazanamazana a masauzande. Moto umodzi wa mu Okutobala, woyatsidwa ndi mlenje wosaka mbira ndi agalu kapena ndi ndudu yotayidwa m'udzu, umatha kupsereza ntchito ya zaka zitatu masana amodzi.

Mizere yolambulidwa imene muione ikudutsa m'zitunda ndi yotchinga moto. Imalambulidwa mvula ikangotha, udzu usanaume, ndipo ina imasokoneza alendo chifukwa imaoneka ngati njira. Zoyenera inu kuchita n'zochepa koma zosanyengerera. Moto usonkhedwe m'nyumba mokha, pamalo ake, ndipo ukhale wophikira ndi kuwotha pang'ono, osati wa usiku wonse. Nkhuni zikanunkhira mkungudza funsani mlonda kumene zachokera, ndipo musatume munthu kukathyola m'tinkhalango ta m'makwawa. Amene ali ndi kasitovu ka gasi anyamule. Wosuta azimitse ndudu pamwala n'kuika chotsalacho m'thumba. Phulusa lisatayidwe kunja lisanathiridwe madzi. Mukaona utsi pafupi, uzani mlonda kapena imbani ku ofesi, ndipo musathawire kumtunda kwa moto chifukwa moto umathamanga pokwera kuposa munthu. Pitani cham'mbali, pathanthwe lopanda udzu kapena pamalo opsa kale.

Potsika mudzapeza tibokosi ndi ndodo zonunkhira zikugulitsidwa. Musagule. Kuyambira 2019 mtengowu uli pamndandanda wa mgwirizano wa mayiko wa CITES woletsa kuutulutsa m'dziko popanda chilolezo, ndipo lamulo la zankhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, lili ndi zilango zowawa. Ngakhale wogulitsa anene kuti ndi wa chitsa chakale, ndalama yanuyo ndi imene imatumiza wina kukafukula zitsa ndi kugwetsa yotsalayo. Osemawo ali ndi zinthu za mitengo ina, gulani zimenezo.

Tsiku lachiwiri: Chambe mpaka Chisepo

Ulendo wa maola 3 kapena 4, wokwera ndi kutsika, wodutsa pamsana wopapatiza umene chigwa chimaoneka mbali zonse. Si woopsa kukakhala kowala, koma pamphepo yamphamvu yendani motalikirana pang'ono ndipo zikwama zimangidwe m'chiuno. Chisepo ili pa mamita pafupifupi 2,200, patsinde penipeni pa njira ya Sapitwa. Fikani masana, yanikani zovala, idyani msanga, konzani kachikwama ka mawa, mugone. Ena amafuna kupitirira tsiku lomwelo mpaka pansonga. Ndi mmene anthu amapezekera pamatanthwe usiku.

Tsiku lachitatu: Sapitwa

Chikweza chotsala ndi mamita pafupifupi 800 okha, koma kupita ndi kubwera kumadya maola 6 mpaka 8, chifukwa mbali yaikulu mumayenda ndi manja omwe. Katundu wolemera atsale kwa mlonda. M'kachikwama mukhale madzi malita 2, popeza kumtundaku madzi ndi osadalirika, chakudya, juzi, jekete, chipewa, tochi ndi wezulo, ngakhale kumwamba kuli mbee.

Nyamukani kukangoyera. Gawo loyamba ndi matanthwe otsetsereka kwambiri. Pondani ndi phazi lonse, osati ndi zala zokha, thupi likhale chilili pamwamba pa mapazi. Mantha amapangitsa munthu kugonera thanthwe, ndipo akatero kulemera kumachoka pa nsapato n'kuyamba kutsetsereka. Pewani mizere yakuda pathanthwe, ndi ndere za pamene pamadutsa madzi ndipo zimaterera ngati therere. Musadalire kukoka udzu kapena timitengo tomera m'ming'alu, mizu yake ndi yosazama, ndiponso mukatizula dothi lochepalo limapita ndi mvula.

Gawo lachiwiri ndi la miyala ikuluikulu younjikana, tinkhalango tothinana ta ndere zolendewera, ndi mipata ina yoti mumavula chikwama n'kukwawa. Pamiyala pali zizindikiro za penti yofiira. Lamulo lake ndi ili: musachoke pa chizindikiro chimene mwaima musanaone chotsatira. Mukayenda mphindi zingapo osaona penti, bwererani pa chomaliza, musapitirire poganiza kuti njira mukumana nayo kutsogolo. Pali nsonga zonamiza zingapo zimene mumayesa kuti mwafika. Yeniyeni ili ndi chipilala pamwamba.

Musananyamuke ku Chisepo mugwirizane ola lobwerera, ndipo 12 koloko masana ndi malire abwino. Ikakwana musanafike, tembenukani, ngakhale chipilala chikuoneka. Mitambo imakonda kukwera kuchokera m'zigwa chakumasana, ndipo kutsika matanthwe aja kumatenga nthawi yofanana ndi kukwera, nthawi zina kuposa, chifukwa maondo atopa ndipo maso akuyang'ana kuphompho. Ngozi zambiri zimachitika potsika. Pamalo otsetsereka kwambiri khalani pansi mutsike ndi matako, palibe manyazi.

Musasiyane ndi wolondolera. Mu 2003 mayi wina wa ku Netherlands anakwera yekha ndipo sanapezeke. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya womulondolera m'munsi n'kupitirira yekha atavala zopepuka, nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patapita milungu. Onsewa anali achinyamata amphamvu.

Nkhungu, kuzizidwa ndi mitsinje

Nkhungu ikakupezani pamwamba moti simukuona chizindikiro chotsatira, imani pamodzi. Valani zonse zimene mwanyamula musanayambe kunjenjemera, bisalani kuseri kwa mwala kumene mphepo sikufika, khalirani zikwama osati thanthwe lozizira, ndipo idyani. Nthawi zambiri nkhungu imang'ambika kwa mphindi zochepa, zokwanira kuona penti. Kuyenda mwachimbulimbuli kumakutsitsirani m'makwawa olakwika amene amathera paphompho. Poitana thandizo imbani wezulo kapena thwanimitsani tochi ka 6 motsatizana, dikirani mphindi imodzi, bwerezani.

Kuzizidwa koopsa kumayamba mwakachetechete. Munthu amanjenjemera, amapunthwa pafupipafupi, amalephera kumanga zingwe za nsapato, amayankhula ngati waledzera ndipo amakwiya msanga. Iye mwini sazindikira, ndiye aliyense aziyang'anira mnzake. Mukaona zimenezi muvuleni zonyowa, muvekeni zouma, mufunditseni pamodzi ndi munthu wina wofunda, ndipo ngati akutha kumeza mupatseni tiyi wa shuga wambiri. Mowa ayi: umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu amamva kufunda pamene thupi likutaya kutentha. Akasiya kunjenjemera koma akadali wosokonezeka, zafika poipa. Mugonekeni, musamugwedeze, ndipo anthu awiri atsike kukaitana thandizo, wina atsale naye. Kunyamula munthu pamachira kuchokera ku Chisepo kumafuna anthu ambiri ndi tsiku lathunthu. Zipatala zapafupi ndi cha boma pa Mulanje, cha mishoni cha Mulanje, ndi Holy Family ku Phalombe.

Za mitsinje, nyumba ya France's Cottage ili ndi dzina la Fred France, mkulu wa zankhalango amene anakokoloka ndi madzi mu 1949 pooloka mtsinje wodzaza m'phiri lomweli. Pamwamba pali thanthwe lokhalokha ndi dothi lochepa, choncho mvula ikagwa madzi onse amathamangira m'makwawa nthawi imodzi. Amadzaza msanga, amaphwanso msanga. Madzi othamanga akafika m'maondo, kapena mukamva miyala ikugubuduka pansi, dikirani maola angapo kapena bwererani kunyumba imene mwachokera. Pooloka masulani lamba wa m'chiuno wa chikwama, yang'anani kumtunda, gwirani ndodo, ndipo nsapato musavule. Kudzimanga chingwe m'chiuno n'koopsa, chifukwa mukagwa chingwecho chimakupanikizani pansi pa madzi.

Kutsika, kapena kupitirira

Mukabwera ku Sapitwa gonaninso pa Chisepo. Tsiku lachinayi mutha kutsika mpaka Likhubula, ulendo wa maola 5 mpaka 7, kapena kupita ku Thuchila, maola pafupifupi 2, n'kutsikira mbali ya Phalombe. Amene ali ndi masiku 6 kapena 7 apitirire ku Chinzama ndi Sombani, akwere nsonga ya Namasile ngati miyendo ikulola, n'kutsikira ku Fort Lister kumene mabwinja a linga lija akadalipo. Mbali imeneyi kumapita anthu ochepa, ndipo m'mawa mutha kuona chinkhoma chitaima pamwala ndi makungubwi a khosi loyera akuzungulira nyumba. Chakudya musasiye panja, amatsegula ndi majumbo omwe. Njira ya Madzeka yotsikira ku minda ya tiyi ya Lujeri ili ndi makwerero ndipo ndi yotsetsereka kwambiri, si ya nthawi ya mvula. Amene akungofuna kulawa phiri akwere ku Lichenya, maola 4 kapena 5 kuchokera pa Likhubula, agone usiku umodzi. Mu Julaye mumachitika mpikisano wa onyamula katundu wodzera Chambe ndi Lichenya, ndipo opambana amamaliza m'maola osakwana 3 mtunda umene inu muyenda masiku awiri. Sabata imeneyo malo ogona pa Likhubula amadzaza, sungitsiranitu.

Musanachoke panyumba iliyonse sesani, lembani m'buku la alendo, mupatseni mlonda kangachepe, ndipo zitini, mabotolo, mabatire ndi mapulasitiki zibwerere m'chikwama. Musaziponye m'chimbudzi kapena kuzikwirira, anyani amafukula. Potsika fupikitsani mapazi, mangitsani zingwe za nsapato kuti zala zisagunde kutsogolo, ndipo ndodo ikhale m'dzanja la kumunsi. Ngati mukutsikira ku Fort Lister, Thuchila kapena Lujeri, konzeranitu galimoto kapena njinga zamoto mukadali pamalo a netiweki, chifukwa kuchokera patsinde pa phiri kukafika pamsewu waukulu pali mtunda, ndipo muwerengere ndalama yoti wolondolera ndi onyamula katundu abwererere ku Likhubula. Mukafika pansi dziwitsani ofesi imene munalembetsa kuti mwatsika nonse, kuti asatumize anthu kukakufunani.